Boti Limodzi, Gemu ya Tiyanjane

Ana anga, mutu uno ndaulemba kawiri konse n'kuung'amba. Mitu ina ya mbiri yangayi inali yosavuta. Uno uli ndi tsiku limodzi limene ndakhala ndikulizemba, ndipo amene anandikakamiza kulionanso ndi mlongo wanu Tiyanjane ndi gemu yake ija. Koma ndiyambire kumene ntchito inayambira.

Mpamba, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Kalata yonditumiza ku ntchito inangoti Mpamba, boma la Nkhata Bay. Ine mwana wa ku Dowa ndinali ndisanaionepo nyanja. Ndinafika pa lole yonyamula mankhwala ndili ndi sutikesi, ndowa, ndi setifiketi ya unamwino ndi uzamba imene ndinaikulunga m'pulasitiki ngati khanda. Bwana wanga woyamba anali Sisita Nyirenda, mayi wamfupi wa mawu aakulu, amene m'mawa uliwonse ankayamba wationa zikhadabo asanatipatse moni. Ndinkawaopa zedi. Koma uzamba weniweni anandiphunzitsa ndi iwowo. Ankandigwira dzanja n'kuliika pamimba pa mayi, amvekere, "Tseka maso. Buku lako silikuona m'katimu. Zala zikuti chiyani?" Chitonga ndinachiphunzira kwa amayi oyembekezera, amene ankandiseka mpaka misozi ndikapotoza moni. Kondowole, nsima yawo ya chinangwa, anandikana miyezi itatu, kenako tinagwirizana. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi bambo anu, mphunzitsi wa pasukulu yapafupi, amene ankabwera Lachisanu lililonse kudandaula malungo koma thupi lili zii. Tsiku lina Sisita anangowabwezera kabuku kawo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mankhwala a malungo anuwa ndi uyo akutsuka mbale za jekeseniyo. Katumizeni ankhoswe ku Dowa, musatithere mapilitsi."

Usisya, zaka za m'ma 1990

Atatisamutsira ku kachipatala kakang'ono ka kudera la Usisya, anzanga anandipepesa ngati kwagwa maliro. Msewu wotsika phiri uja nthawi ya dzinja galimoto sinkauyesa n'komwe. Chodalira chathu chinali sitima ya pamadzi ikamadutsa, ndi boti la chipatala la injini imodzi, limene ankaliyendetsa Ada Longwe. Koma lero mukandifunsa kumene ndinakhala mosangalala kuposa kwina konse, ndinena kuti ndi kumeneko.

Woyang'anira chipatala anali Bambo Gondwe, amene anthu ankangowatcha adokotala. Anali munthu wosapsa mtima, wokonda bawo, ndipo filiji yathu ya parafini ankailankhulitsa ngati ng'ombe yokalamba. Zinthu zinkasowa. Magolovesi tinkawachapa, kuwayanika pa chingwe kuseri, kuwathira ufa wake n'kuwavalanso. Parafini akatha, katemera ndi jekeseni wa amayi zinkaonongeka tikuona. Wailesi yotumizira uthenga kuboma inkagwira ikafuna yokha, ndipo Bambo Gondwe ankaimenya pambali kawiri asanayambe kulankhula. Mafuta a boti ankabwera mochepa, moti ulendo uliwonse tinkauganizira kaye. Komabe anthu ankatisunga. M'mawa ndinkapeza nsomba za batala pakhomo, osadziwa amene wasiya. Mayi akachira bwino, anamuna ake ankabwera ndi mtolo wa nkhuni, n'kuima patali, amvekere, "Yewo, ama nesi." Tiyanjane anakulira pansi pa zenera la chipinda chochirira, akusewera ndi mabotolo a mankhwala otha. Inu enanu munali musanabadwe.

Tsiku lake linali la m'nyengo ya mwera. Bambo Gondwe anali atapita kuboma kukatsatira mankhwala, ine ndinatsala ndekha. M'chipinda munali amayi awiri. Woyamba anali mtsikana wa mimba yoyamba, wamfupi, amene matenda anali atamuyamba dzulo lake koma mwana osatsika. Zala zanga zinati njira ndi yopapatiza, afunika opaleshoni. Wachiwiri anali NyaManda, mkazi wa Ada Mhone msodzi, mimba yachinayi, matenda atangoyamba kumene, chilichonse chikuoneka bwino.

Ndinaitana Ada Longwe. Anayang'ana nyanja, imene inali itayamba kale kuyera nsonga za mafunde, n'kunena kuti, "Ama, tikanyamuka pompano tikafika. Koma wogona pansi akhale mmodzi, ndi womudikirira mmodzi. Mukandiwonjezera anthu, ine sindiliza injini. Ndipo mwera umenewu ukakula, kubwerera n'kosatheka mpaka utaleka."

Ada Mhone anamva. Anabwera pakhonde atagwira chipewa m'manja. "Ama nesi, mkazi wanga pa mwana wapitayu anataya magazi kwambiri. Mukwezeni nayenso."

Ndinaganiza. Jekeseni woletsa kutaya magazi ndinali naye, koma filiji inali itazima masabata awiri, ndipo sindinkadziwa ngati akadali ndi mphamvu. Dripi inali imodzi. Ndinayang'ana mtsikana uja, milomo itauma. Ndinayang'ana NyaManda, akucheza ndi anzake. Ndinati, "Ada, malo ndi amodzi. Akazi anu ali bwino, ndipo ine ndili pano. Musade nkhawa."

Boti linapita ndi mtsikana uja. NyaManda anachira dzuwa lili paliwombo, mwana wamkazi, wamphamvu. Kenako magazi anayamba. Ndinabaya jekeseni, sanagwire. Ndinaika dripi, inatha. Ndinakanikiza chiberekero ndi manja anga onse mpaka mikono inachita dzanzi. Wailesi inangolira phokoso. Pamene ana asukulu ankaweruka masana, NyaManda anali atatisiya. Mtsikana uja anachitidwa opaleshoni kuboma, anapulumuka iye ndi mwana wake. Ada Mhone sananditukwane. Sanandilankhulenso, basi. Tikakumana panjira ankapatukira kumchenga. Patatha chaka ndinapempha kuti andisamutse.

Kande ndi Chintheche, mpaka kupuma

Za ku Kande ndalemba kale m'mutu wina: msewu wa tala, ambulansi imene inkabweradi, mafoni a m'manja atafika, anamwino achichepere amene ankandiona ngati chithunzi cha pakhoma. Nditapuma ntchito sindinabwerere ku Dowa. Bambo anu anali atagula kamalo kuno ku Chintheche, ndipo kuno ndi kumene tinawaika m'manda. Maliro awo atatha, tikutsuka mapoto kuseri kwa nyumba, Tiyanjane anandifunsa mwadzidzidzi, "Amayi, ku Usisya kuja, tsiku lina munatuluka m'chipinda yunifolomu yonse ili magazi, n'kukakhala pansi pa thanki osalankhula. Chinachitika n'chiyani?" Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pamene zimenezi zinkachitika ku Usisya. Sindinkadziwa kuti anaona. Ndinamuuza nkhaniyo, mwina chifukwa mtima unali wotseguka kale ndi maliro.

Patapita miyezi anandiimbira foni kuchokera ku Mzuzu, kumene ankagwira ntchito ya makompyuta. Anati iye ndi anzake awiri akufuna kupanga gemu yochokera pa nkhani imeneyi. Ine gemu ndinkadziwa ya mpira imene anyamata amasewera pa sikirini kumsika. Ndinati, "Maliro a munthu ukawasandutse masewero?" Anati, "Si zoseketsa ayi, Amayi. Ili ngati buku, koma wowerenga ndi amene amayenda m'katimo n'kusankha chochita." Ndinavomera ndisakumvetsa, ndinangoti asinthe maina ndi malo.

Chintheche, zaka zitatu zapitazo

Anabwera nayo pa laputopu Loweruka lina, n'kundikhazika pakhonde. Dzina lake Boti Limodzi. Zithunzi zake n'zojambula pamanja, zotuwa, popanda nyimbo, mafunde okhaokha. Umayendetsa namwino ndi chala. Umatsegula kabati, mulibe kanthu. Umagwira filiji, ndi yofunda. Umacheza ndi amayi odikirira, ndi woyendetsa boti, ndi mwamuna wogwira chipewa. Chingwe cha magolovesi chinalimo, ndipo nditachiona ndinaseka mpaka kutsokomola. Kenako gemu imakufunsa kuti ukweza ndani. Ndinasankha mtsikana. Mayi wotsalayo anamwalira. Tiyanjane anati ndiyambirenso ndisankhe winayo. Ndinatero. Mtsikana wotsalayo anamwalira. Ndinatseka laputopu n'kukadyetsa nkhuku.

Itatuluka pa intaneti, ndinaphunzira kuti pali anthu amene ntchito yawo ndi kusewera magemu n'kulemba ndemanga. Tiyanjane ankanditumizira pa foni, ine n'kumawerenga ndi magalasi, mawu ena n'kumamufunsa. Mzungu wina, ndaiwala dziko lake, anaitamanda kwambiri. Analemba kuti anasiya chakudya chikuzizira, ndipo anakhala nthawi yaitali osafuna kudina batani losankhira. Wina anaikonda mbali yoyamba, ya kucheza ndi anthu, koma anadandaula kuti namwino amayenda pang'onopang'ono ngati wanyamula mtondo. Ameneyo ndinamuyankha ndekha mumtima kuti abwere adzayende pamchenga wa masana atavala nsapato za yunifolomu. Ena anapereka nyenyezi zochepa chifukwa gemuyo ilibe chiyembekezo, akuti munthu akaweruka ku ntchito safuna kukalira.

Amene anamupweteka Tiyanjane anali Mmalawi mnzathu, wolemba pa tsamba lina la za achinyamata. Anati gemuyo ikugulitsa umphawi wathu kwa azungu, kuti anthu akunja akatiganiza aziona kabati yopanda mankhwala basi. Tiyanjane anaimba foni akulira ndi ukali. "Amayi, munthu ameneyu sanafikeko n'komwe ku Usisya!" Ndinati, "Mwina sanafikeko, koma si wopusa. Nanga batala wa pakhomo uja unamuikamo? Nanga Bambo Gondwe ndi bawo yawo?" Pagulu lathu la pa foni la anamwino opuma, nkhani inali ina. Adzukulu awo anawathandiza kuisewera, ndipo anamwinowo anakangana masiku atatu, osati za chiyembekezo, koma ngati namwinoyo anayenera kutumiza anthu kukabwereka boti la asodzi. Mmodzi analemba kuti filiji ija anaimva fungo lake.

Koma ndemanga imene inandisowetsa mtendere ine inali ya mayi wina wakunja, amene anati gemuyo ndi yolembedwa bwino koma imamunamiza wosewera. Mfundo yake inali yoti ngati wotsala aliyense amafa, ndiye kuti palibe chimene wasankha, ndipo wopanga gemu wamuchotsera namwino mlandu mwakachetechete. Ndinaiwerenga katatu. Tiyanjane atabwera pa Khirisimasi ndinamudikira amalize kudya.

"Mayi uja wanena zoona," ndinatero.

"Uti?"

"Woti gemu yako imanama. Iwe ukudziwa bwanji kuti mtsikana uja akanatsala akanafa? Ine sindikudziwa. Mwina akanapirira mpaka mwera utaleka. Ndaonapo ena akupirira masiku awiri. Mwina onse akanakhala ndi moyo lero."

"Amayi, munandiuza nokha kuti njira inali yopapatiza."

"Ndinakuuza zimene zala zanga zinaganiza. Mwamuna anandichenjeza za magazi, ine ndinamuuza kuti asade nkhawa. Iwe wapanga kuti onse azifa kuti mayi ako asalakwe."

Anaika supuni pansi. "Ndiye mumafuna ndipange njira yoti wosewera apulumutse onse awiri, kuti mwana wa zaka khumi ndi zisanu wa ku Ulaya azikuposani pa ntchito yanu?"

Nayenso anali ndi mfundo. Tinasiyira pomwepo, ndipo gemuyo sanaisinthe. Mpaka lero sitinagwirizane pa nkhani imeneyi.

Chintheche, chaka chatha

Chisankho chovuta cha ukalamba wanga chinabwera ndi uthenga wa pa foni. Tiyanjane ananditumizira kalata imene inafika ku adiresi ya gemu. Wolemba anati dzina lake ndi Masozi Mhone, amaphika pa loji ina ku Kande, kwawo ndi ku Usisya. Mlendo wina wa pa lojiyo anali atamuonetsa gemuyo pomva kuti ndi ya ku Malawi. Maina anali osinthidwa, koma iye anazindikira nkhani ya kubadwa kwake, chifukwa azakhali ake anali atamuuza. Ankafunsa ngati namwinoyo akadali moyo.

"Ndingathe kungoyankha kuti nkhaniyo ndi yopeka," anatero Tiyanjane. "Simukukakamizidwa, Amayi. Shuga wanu sakufuna zimenezi."

Ndinakhala sabata yathunthu. Ndinkaopa, ndisakunamizeni. Ndinali nditapuma bwino, anthu akundilemekeza kutchalitchi, ndipo kuno palibe amene ankadziwa za tsiku lija. Ndinkaganiza kuti akubwera kudzandifunsa funso limene bambo ake sanandifunse. Lolemba lake ndinauza Tiyanjane kuti amupatse nambala yanga.

Anabwera pa minibasi tsiku lake lopuma, cha m'ma teni m'mawa, atanyamula buledi wophika yekha m'kansalu. Mayi wamtali, wa zaka pafupifupi makumi atatu. Anagwada pakhonde n'kundipatsa moni wa m'mawa m'Chitonga.

"Mwayuka uli, ama?"

"Ndayuka umampha, mwana wangu," ndinayankha.

Ndinamupatsa mpando, anakana, anakhala pamkeka. Tinamwa tiyi. Anandiuza kuti bambo ake anamwalira zaka zinayi zapitazo, ndipo analeredwa ndi azakhali. Sindinafune kuti avutike ndi kuyamba, choncho ndinayamba ndine. Ndinamuuza kuti bambo ake anandipempha, ine ndinakana, ndipo gemu ija ikundikomera mtima kuposa mmene ndiyenera.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Zimenezo ndikuzidziwa, ama. Adada ankanena. Masiku ena ankakudani, masiku ena ankati nesi anali yekha. Ine sindinabwerere zimenezo." Anatulutsa foni yake n'kuigwira pamiyendo osaiyatsa. "Gemu ija ndaisewera kambirimbiri. Nthawi zambiri ndimakweza amama m'boti, chifukwa ukatero umawaona nthawi yaitali. Koma ndinayesanso kuwasiya, kuti ndione mmene zinachitikira. Pamenepo mwana akangobadwa, nesi amamuika pambali m'beseni, amama n'kumwalira atayang'ana kukhoma. Ndiye ndimati ndifunse. Zinali choncho? Sanandione?"

Ana anga, zimenezi Tiyanjane sakanazidziwa, chifukwa sindinamuuze. Kuseri kwa nyumba kuja ndinamuuza za jekeseni, za dripi, za wailesi, zonse zokhudza ine. Za mayi mwiniwakeyo ndinazidumpha.

"Anakuona," ndinatero. "Utangobadwa ndinakuika pachifuwa pawo. Magazi atayamba ndinawauza kuti akuyamwitse, chifukwa kuyamwitsa kumathandiza chiberekero kulimba. Unayamwa nthawi yaitali ndithu, ndipo ankakugwira okha ndi dzanja lamanzere, lamanja lili ndi dripi."

"Ananenapo kanthu?"

"Ananena. Anakuyang'anitsitsa, n'kundiuza m'Chitonga kuti ndione mphuno. Akuti miyezi isanu ndi inayi avutika okha, koma mwana watenga mphuno ya bambo ake, ngati kuti bamboyo anathandizapo kunyamula. Amayi a panja anamva, anaseka. Nanenso ndinaseka, manja anga ali pamimba pawo. Anali asanadziwe kuti zavuta. Pamene anayamba kufooka anapempha kuti ndisakuchotse, ndipo sindinakuchotse mpaka pamapeto."

Masozi anakweza dzanja n'kugwira mphuno yake. Anaseka kamodzi, kenako anaphimba nkhope ndi chitenje. Ndinatsika pampando movutikira ndi mawondo angawa n'kukhala naye pamkekapo.

Atapukuta maso anati, "Ama, mundiuzenso. Muyambire pamene anafika m'mawa. Anavala chiyani?"

Minibasi ya masana inamusiya. Anakwera ya folo.